Pa njinga kuchoka ku Ulongwe mpaka kunyanja ya mchere: zomwe zinathyoka ndi ndalama zomwe zinapita

4 Meyi 2024

Lero ndagula njinga. Papita zaka zitatu ndikunena kuti tsiku lina ndidzapalasa kuchoka kuno ku Ulongwe mpaka kukaponda madzi a nyanja ya mchere ku Beira, komwe malume anga amakhala ku Manga ndipo chibadwire sindinawayenderepo. Mbatatesi ya chaka chino yagulika bwino, ndiye chifukwa chozengerezera chatha. Ndipita ndi alamu anga, achimwene awo a mayi a kunyumba. Iwo sagula kalikonse, akuti apita pa Hero yawo yakuda ya matayala a 28 yomwe amanyamulira matumba kupita nawo ku msika.

Yanga ndi yakaunjika, ya magiya, matayala a 26, felemu yachitsulo. Wogulitsa anayamba ndi 7,000 meticais, tinagwirizana pa 5,500 MT. Panali ina yopepuka ya aluminiyamu koma ndinaisiya dala, chifukwa felemu yachitsulo ikang'aluka wowotcherera aliyense wa m'mbali mwa msewu amailumikiza, pomwe inayo palibe angaikhudze. Ndinaitembenuza n'kuyang'ana molumikizira monse, makamaka pansi pa mapedulo ndi m'khosi mwa foloko. Palibe mng'alu. Ndinazunguza magudumu onse awiri, lakumbuyo likupendama pang'ono, ndipo ndinangoti ndi zazing'ono.

11 Meyi

Tayiphwasula yonse kwa amisiri a pafupi ndi msika. Girisi wa m'mahabu anali atauma ngati phula lakale. Kumbuyo munali mabelingi 8 mbali imodzi m'malo mwa 9, ndipo koni ya mbali ya tcheni inali ndi timaenje. Tasintha makoni awiri ndi mabelingi onse, 180 MT. Tcheni chatsopano 250 MT, fuliwilo ya magiya 6 350 MT, mawaya a mabuleki ndi a magiya 200 MT, mphira za mabuleki mapeya awiri 200 MT, matayala awiri 900 MT, machubu atatu 450 MT, girisi 100 MT. Amisiri ndawapatsa 400 MT.

Pa machubu ndasankha a vavu yaikulu ngati ya galimoto, kuti pampu yanga ikafa ndizitha kupopetsa pomwetsera mafuta kapena kwa omata matayala. Kubowo la limu tinakulitsa pang'ono ndi tupa. Alamu akhalabe ndi vavu yawo yakale ya kamphira, ndiye kuti tinyamula mapampu awiri.

Nthawi yambiri lero yathera pa magiya. Ndimafuna azilowa onse bwinobwino osalira, ndipo talimbana nawo mpaka dzuwa kupendeka. Amisiri anandiuza kawiri konse kuti, “Achimwene, magiya si amene amanyamula katundu. Gudumu lakumbuyoli tilimange.” Ndinati masipoko onse alipo, tiwamangitse chabe. Anangowamangitsa monga ndinanenera.

19 Meyi

Kaliyala. Ya m'sitolo ndi yopyapyala, moti ndinapita kwa owotcherera kuti apange ya zitsulo zomangira nyumba za mamilimita 8. Zitsulo ndi ntchito 750 MT. Yatuluka yolimba koma yolemera makilo 3 ndi theka. Poyamba anaipanga yayifupi, chidendene chimagunda katundu popalasa, ndiye anaidula n'kuibweza m'mbuyo zala zinayi. Musalole kuti aiwotcherere ku felemu. Yanga ndi ya mabawuti anayi, ndipo ndagula ena anayi apadera.

M'malo mwa zikwama ndagula zigubu ziwiri za malita 20 zomwe munali mafuta ophikira, 150 MT chimodzi. Ndadula pamwamba mbali zitatu kuti pakhale ngati chivindikiro, ndatsuka ndi phulusa ndi madzi otentha, ndaboola kumbali n'kumangirira ngowe ziwiri zachitsulo pa chilichonse. Mkati, pomwe pali mabawuti, ndaika kathabwa kopyapyala kuti pulasitiki isang'ambike. Mvula kapena fumbi sizilowa, ndipo pamalo opumira chigubu chimasanduka mpando.

2 Juni

Kuyesa ndi katundu yense, kulowera ku Dómuè n'kubwerera. Ndisananyamuke ndinapimitsa pa sikelo ya ogula chimanga: makilo 31, osawerengera madzi. Munali ufa makilo 8, nyemba, mapoto awiri, bulangeti lalikulu, lona, zovala za masabata atatu, nkhwangwa yaing'ono, ndi zitsulo zokonzera zomwe zina sindidziwa n'komwe ntchito yake.

Phiri la Dómuè ndi lalitali kuposa onse kuno ku Angónia, limapitirira mamita 2,000, ndipo ngakhale msewu sukwera pamwamba pake, zitunda za m'munsi mwake zimakwanira kuyesa munthu ndi njinga yomwe. Magiya anagwira ntchito yake, ndinakwera malo omwe alamu amatsika n'kukankha. Koma pobwerera, pa msewu wa mabampu, ndinamva kuti thwa kumbuyo. Patangopita pang'ono, thwa kachiwiri. Gudumu linayamba kukhula mphira ya buleki pozungulira paliponse. Masipoko awiri, onse a mbali ya tcheni, onse athyokera pa chigongono pomwe amalowera mu habu. Mbali imeneyo simungalowetse sipoko yatsopano popanda kuchotsa fuliwilo, ndipo chochotsera ndinalibe. Ndinamasula buleki yakumbuyo n'kuyenda pang'onopang'ono. Sipoko yachitatu inathyoka tikuwona kale magetsi a ku Ulongwe.

Zikanachitika pakati pa Tete ndi Changara, ulendo ukanathera pomwepo.

9 Juni

Ndabwerera kwa amisiri, ndipo sanandinyoze. Anachotsa tayala n'kundionetsa masipoko otsalawo limodzi limodzi: ena a dzimbiri pa chigongono, ena opyapyala kuposa anzawo, kusonyeza kuti gudumuli linakonzedwapo kangapo ndi zomwe zinalipo. Anati sipoko imodzi ikathyoka chifukwa cha kutopa, anzake onse atopanso chimodzimodzi, ndipo kusintha imodzi imodzi n'kungochedwetsa. Tamanga lonse mwatsopano: limu ya makoma awiri ya mabowo 36, 850 MT, masipoko okhuthala 36 ndi ena 10 apadera, 350 MT, ntchito 300 MT.

Ndinakhala pambali n'kumaona mmene amamangira, chifukwa izi ndiye zomwe ndinayenera kusamala kuyambira tsiku loyamba. Sipoko iliyonse imadutsa anzake atatu isanafike ku limu. Atamangitsa, anagoneka gudumu pansi n'kulitsamira ndi manja onse awiri mozungulira, likulira kuti tetete, kenako n'kumangitsanso. Anachita zimenezi katatu. Akuti gudumu lomwe silinatsamiridwe limakamasuka lokha pa msewu tsiku loyamba. Pomaliza anamenya masipoko ndi sipanala kuti ndimve kulira kwake, a mbali ya tcheni mokweza, a mbali inayo motsikirapo, koma mbali iliyonse mofanana. Anandiuza kuti m'mawa uliwonse ndizichita zomwezo ndisanakwere, ndipo yolira mosiyana ndiimangitse pang'ono chabe, osati kuzunguza kambirimbiri.

Ndagulanso chochotsera fuliwilo, 250 MT, kachitsulo kochepa ngati chala. Masipoko apadera ndawamangirira ku felemu ndi malegeni.

Katundu ndamudula kufika makilo 19. Ufa watsala makilo 2, popeza ufa ulipo ponseponse. Poto mmodzi. Nkhwangwa yatsala. Ndawonjezera neti ya udzudzu, ndipo makilo 4 ndawasamutsira kutsogolo, pa handulo, kuti gudumu lakumbuyo lipumeko. Ndalama zambiri ndaika pa foni, zina pa M-Pesa zina pa e-Mola, kuti netiweki ina ikasowa inzake ithandize. Mpaka pano njinga yadya 11,330 MT.

15 mpaka 16 Juni

Tanyamuka 5 koloko m'mawa, chisanu chili mbuu m'madambo, zala zosamva kanthu. Msewu wa N304 wochokera ku Calómuè umakwera ndi kutsika osalekeza, ndipo tsiku loyamba linatiphunzitsa mayendedwe a njinga ziwiri zosiyana. Pokwera ine ndimatsogola n'kukadikira pamwamba, alamu akukankha. Pamalo osalala Hero imandisiya, gudumu lake lalikulu likangogwira liwiro silibwerera. Tinagwirizana kuti wotsogola aziima pamwamba pa chitunda chachitatu chilichonse.

Usiku woyamba tinapempha malo kwa a nyakwawa a mudzi wina. Tinaonetsa ziphaso zathu za unzika, ma BI, anatipatsa khonde la nyumba ya mwana wawo, ndipo m'mawa tinasiya sopo ndi shuga.

Tsiku lachiwiri ndi la mitsetse. Mtunda wa Angónia uli pamwamba mamita oposa 1,200, pomwe mzinda wa Tete sufika ngakhale 200, ndipo kutsika konseko kumathera m'mabuleki. Pa mtsetse wina wautali ndinagwira buleki yakumbuyo yokha osaisiya. Nditaima, limu inali yotentha yosagwirika, mphira zitasalala ngati galasi ndipo zikununkha. Ndinazipala ndi tupa mpaka zitayambanso kukhakhala. Kuyambira pamenepo ndimagwira onse awiri mwamphamvu kwa kanthawi, n'kusiya, n'kugwiranso. Alamu mabuleki awo a ndodo ndi ofooka, ndiye pa mitsetse yoopsa amatsika n'kuyenda pansi. Ndinkaona ngati akutaya nthawi, koma iwo ndi amene anafika ku Mussacama opanda chowonongeka.

17 mpaka 18 Juni

Pa Mussacama talowa mu N7, msewu wa magalimoto akuluakulu opita ku Zóbuè ndi ku Malawi. Apa galasi loonera kumbuyo ndi lofunika kuposa belu. Ndinagula la njinga yamoto, 150 MT, n'kulimanga ku handulo. Lole ikamabwera kumbuyo ina ikubwera kutsogolo, tulukani mu tala, musadikire kuti akupatseni malo.

Mitengo yasintha, milambe yayamba, juzi yalowa m'chigubu. Ku Moatize fumbi la malasha limamatirira pa tcheni chamafuta n'kupanga phala lakuda lomwe limadya zitsulo, moti madzulo ndinachitsuka ndi parafini wa 30 MT n'kuthira oyilo pang'ono chabe. Tinawoloka Revúbuè pa mlatho uja unagumuka ndi namondwe Ana mu Januwale 2022, n'kukagona kwa mwana wa azakhali ku Matundo. Tsiku la 18 tapuma. Masipoko onse akulira chimodzimodzi.

19 mpaka 20 Juni

Tawoloka Zambezi m'mamawa pa mlatho wa Samora Machel. Malole olemera masiku ano amadzera ku mlatho wa Kassuende womwe unatsegulidwa mu 2014, ndiye pano panali njinga, njinga zamoto ndi anthu oyenda pansi. Ndinaima pakati kuyang'ana madzi, mlatho ukunjenjemera pansi pa mapazi galimoto ikamadutsa.

Kuchoka ku Tete kukafika ku Changara ndi makilomita osakwana pang'ono 100, ndipo ndi chigawo chomwe chinatizunza kuposa zonse ngakhale kuti ino ndi nyengo yozizira. Tinanyamula malita 5 aliyense, ndipo pofika 1 koloko anali atatha. Mijigo ilipo koma ndi yotalikirana, ina madzi ake ndi amchere. Tinagula madzi a m'mabotolo 240 MT tsiku limodzi, ndalama yomwe sinali m'mawerengero. Tsiku lachiwiri tinanyamula malita 8 aliyense, kunyamuka 4 koloko, kugona pansi pa mlambe kuyambira 11 mpaka 3.

Kenako minga. Nthawi iliyonse yomwe timatuluka mu tala kuthawa lole, timalowa mu minga. Tsiku la 19 ndinamata kanayi, alamu kawiri. Kachitatu ndinalakwitsa ndekha: ndinamata chubu osafufuza mkati mwa tayala, ndipo kamunga kanali kadakalimo, kosaoneka ndi maso, kongomveka ndi chala. Patangopita mphindi khumi tayala linaphwanso pa malo omwewo. Komanso chifukwa cha kutentha ndi changu ndimaika chigamba guluu asanaume, n'chifukwa chake china chinamatuka. Guluu azisiyidwa mpaka asiye kunyezimira.

Chomwe chinatipulumutsa ndi nzeru ya mkulu wina wokonza njinga pansi pa mtengo, pa kamsika komwe amagulitsa masawu ouma ndi malambe. Timamvana bwinobwino, iye Chinyungwe ife Chichewa. Anatenga tayala lakutha, n'kudula milomo yake yonse iwiri ya waya, n'kulowetsa chotsalacho mkati mwa tayala langa lakumbuyo, pakati pa tayala ndi chubu. M'mphepete mwake anapala ndi mpeni kuti musadule chubu. Anachita chimodzimodzi kutsogolo. Zonse 120 MT. Njinga yalemerako ndipo imamveka youma, koma kuchokera pamenepo mpaka ku Beira ndinamata kamodzi kokha.

Ku Changara, pamphambano yopita ku Cuchamano, tinadya nsima ya mbuzi, 150 MT mbale. Chipinda 600 MT tonse awiri, njinga tinalowa nazo.

21 mpaka 23 Juni

Kuwoloka Luenha ndiye kuti tatuluka mu Tete, talowa mu Manica, ndipo msewu wayamba kukwera kulowera ku Guro. Mphepo ya mwera yayambanso kutiwomba kumaso. Pokonzekera ndinaganizira za kuzizira ndi mvula, koma za mphepo ayi. Miyezi ino imachokera kummwera chakum'mawa, komwe ife tikulowera. Imadzuka cha m'ma 9 koloko, choncho makilomita a tsikulo muziwapeza isanadzuke.

Pa 22 kotapini ya alamu ya kumanzere, kachitsulo kogwira mkono wa pedulo, inayamba kugwedera, pedulo ikugogoda popalasa paliponse. Pa kamsika koyamba tinapeza yatsopano, 25 MT. Mnyamata wina anaipala ndi tupa kuti ikhale bwino, anaikhoma ndi hamala atatsamiritsa pa mwala, ndipo pasanathe theka la ola tinali pa msewu. Ndikulemba izi chifukwa cha zomwe zinandichitikira ine mawa lake.

Pa 23, titadutsa Guro, ndinagoneka njinga pansi mbali ya tcheni pomwe timapuma, chigubu chili chodzaza. Kachitsulo kosinthira magiya kakumbuyo kanapindikira mkati, ine osaona. Pa chitunda chotsatira ndinaponya giya yofewa kwambiri, ndipo chosinthiracho chinalowa m'masipoko. Gudumu linaima nthawi yomweyo. Chosinthira chinathyoka pakati, tcheni chinapotoka, ndipo masipoko atatu a mbali ya tcheni anapindika, limodzi n'kuduka.

Tinakokera njinga pamthunzi. Alamu anayang'ana n'kunena kuti, “Alamu, musathamange. Tiyambe ndi gudumu, zinazo tiona.” Chochotsera fuliwilo chija chinagwira ntchito yake apa, koma sipanala yanga inali yaifupi, fuliwilo itamangika ndi zitunda zonse za m'mbuyomu. Tinaimitsa woyendetsa lole yemwe amayang'ana matayala ake chapafupi, anatibwereka sipanala yaikulu ndi chitoliro, ndipo inamasuka kamodzi. Ndinasintha masipoko anayi, kumangitsa pang'onopang'ono, kumenya ndi kumvetsera monga anandiphunzitsira amisiri, ndipo mphira ya buleki ndiyo inali chondionetsera pomwe limu yapendama. Zinanditengera maola awiri. Kupendama kunatsala kochepa ngati kukhuthala kwa chikhadabo.

Chosinthira chinalibe mankhwala. Tinachichotsa, tinadula tcheni ndi msomali ndi mwala pa nati, kutaya mfundo zopotoka, n'kuchifupikitsa kuti chikwane pa giya imodzi yapakati. Poyamba ndinasankha giya yomwe sinali mzere umodzi ndi yakutsogolo, ndipo tcheni chinkakwera chokha pa giya yaikulu n'kumangika mpaka kufuna kuduka. Tinabwerezanso, kuyang'ana kuchokera kumbuyo kuti tcheni chiwongoke ngati chingwe cha amisiri omanga. Apo chinakhazikika.

24 mpaka 25 Juni

Tsopano tonse tili ndi giya imodzi, tonse tikukankha pa zitunda. Ndafunsa pa misika inayi, ndipo paliponse pali makotapini, masipoko a 28, matcheni okhuthala a njinga zakuda, mphira za mabuleki a ndodo. Chosinthira magiya palibe. Uku ndiye kusiyana kwa njinga ziwirizi komwe sindinakuone tili kwathu. Ya alamu imatopetsa tsiku lililonse, koma chilichonse chomwe chingathyoke chili pa thebulo la msika wotsatira. Yanga imapepuza miyendo, koma yathyoka kamodzi ndipo ndiyenda masiku anayi ndisanapeze chosinthira. Ndikanati ndiyambirenso ndikanatengabe ya magiya chifukwa cha mawondo, koma ndi chosinthira chapadera m'chigubu, ndipo sindikanaigonekanso mbali ya tcheni.

Tafika ku Catandica pa 25, tsiku la ufulu, masitolo ambiri otseka. Mapiri a Choa ali kumadzulo, obiriwira ngati kwathu, ndipo usiku kwazizira mpaka ndinalakalaka bulangeti lalikulu lija. Kuno ndi kwa a Báruè, dziko la mfumu Makombe, komwe kunabuka nkhondo yolimbana ndi Apwitikizi mu 1917. Agogo ankaitchula nkhaniyi, ndipo sindinkadziwa kuti ndidzapitako pa njinga.

27 mpaka 28 Juni

Chimoio. Titalowa mu N6 msewu unasintha, wotakata, wokhala ndi malo m'mbali oti njinga n'kuyendamo. Mu mzinda tinapeza zonse: chosinthira 450 MT, tcheni china 280 MT, waya 50 MT. Kachitsulo ka felemu komwe chosinthira chimamangidwapo kanali katapindika, ndipo poti ndi chitsulo, mmisiri anangokawongola ndi sipanala. Anandionetsanso timasikuluwu tiwiri toletsa chosinthira kupitirira malire. Ka mbali ya masipoko kanali kotayirira kuyambira kale, mwina kuyambira tsiku lija ndinkalimbana ndi magiya kuti asamalire. Anakamangitsa mpaka chosinthira sichingafikenso ku masipoko ngakhale mutachikankha ndi chala. Ntchito 200 MT. Gudumu analiyang'ana n'kungokhudza masipoko awiri.

Mphira za mabuleki zakumbuyo zatha, ndaika zapadera. Madzulo tinapita kukaona phiri la Cabeça do Velho, lomwe likaonedwa chapatali limafanana ndi nkhope ya nkhalamba yogona chagada.

29 Juni mpaka 1 Julayi

Makilomita pafupifupi 200 otsala, masiku atatu. Gondola, kenako kutsika mpaka pa Inchope pomwe N6 imadutsana ndi N1. Kuchokera ku Nhamatanda dziko ndi lathyathyathya, koma musanyengedwe, mwera kuno ulibe chouletsa. Timasinthana kutsogola mphindi khumi khumi, wakumbuyo atabisala kumsana kwa mnzake. Pa Tica ndi m'zigwa za Púnguè udzudzu ndi wochuluka ngakhale mu Juni, ndipo neti ija, yomwe ndinatsala pang'ono kuisiya, tinaimangirira pakati pa njinga ziwiri n'kugonamo tonse. Tinadutsa minda ya nzimbe ya ku Mafambisse, kenako Dondo.

Bawuti imodzi ya kaliyala inaduka tisanafike ku Dondo. Ndinamva chigubu chikugunda gudumu n'kuima msanga. Yapadera inalowa, mphindi zisanu.

Tinafika ku Manga madzulo a pa 1 Julayi, tsiku la 17 chinyamukire. Malume anatuluka, anayang'ana njinga, anayang'ana ife, n'kufunsa kuti, “Mphwanga, zoona mwachokera ku Ulongwe pa zimenezi?” Anagwira chigubu n'kuchigwedeza, kenako anandikumbatira osalankhulanso.

3 Julayi

Malume anatiperekeza ku Macuti, pa nsanja ya nyali ya mizere yofiira ndi yoyera, pomwe pali chigoba cha sitima yadzimbiri chogona mumchenga. M'njira anationetsa nyumba zina zomwe mpaka lero zilibe madenga chichitikireni namondwe Idai mu Malichi 2019. Ndinavula nsapato n'kulowa mpaka m'mawondo. Ndinalawa madziwo. Alamu anatunga m'botolo kuti akaonetse ana.

Madzi ataphwa, mchenga wa m'mphepete umalimba moti njinga imayendapo bwino, ndipo tinapalasa pamenepo kwa ola lathunthu, mafunde akunyambita matayala. Sindinong'oneza bondo, koma mtengo wake ndinauona mawa lake: tcheni chatsopano cha ku Chimoio chinali chofiira ndi dzimbiri usiku umodzi wokha, mfundo zina zitauma. Mukapalasa m'madzi amchere, tsukani njinga yonse ndi madzi abwino tsiku lomwelo, muumitse, muthire oyilo. Ife tinagona osatsuka.

5 mpaka 6 Julayi

Tinafuna kuyenda m'mbali mwa nyanja kwenikweni, ndiye tinalowera kumpoto ku Savane, makilomita osapitirira 40 kuchokera mu mzinda, pa msewu wadothi wodutsa m'madambo. Zigubu tinasiya kwa malume, tinangotenga madzi, neti ndi zokonzera. Malo ena mchenga ndi wakuya. Ndinaphwetsako matayala mpaka chala chikamakanikiza azilowa pang'ono, ndipo matayala anga otakata anayandama pamwamba. A alamu ndi opyapyala, ankamira, ndipo anakankha pafupifupi theka la njira. Msewu umathera pa mtsinje, pakati pa mitengo yomera m'matope amchere yomwe kuno amaitcha mangal, ndipo kutsidya kumawolokedwa pa boti. Njinga tinazisiya kwa asodzi, tinawapatsa 100 MT.

Pobwerera ndinaiwala kupopanso titafika polimba. Ndinagunda dzenje, limu inatsina chubu n'kuboola mabowo awiri oyandikana ngati kuluma kwa njoka. Chigamba chimodzi sichinakwane, ndinaika chubu chapadera. Habu yakutsogolo yayambanso kulira mchenga.

9 Julayi

Kubwerera pa njinga sitikanatha, kumunda kukudikira. Malume anatipezera lole yopita ku Malawi kudzera ku Calómuè, ndipo woyendetsa anavomera 1,800 MT munthu ndi njinga yake. Tinachotsa mapedulo a njinga yanga, kutembenuza mahandulo, kukulunga chosinthira ndi katoni. Njira yomwe inatitengera masiku 17 inatha m'masiku awiri.

20 Julayi

Ndaiphwasulanso kwa amisiri aja. Mu habu yakutsogolo girisi anali wotuwa ndi mchenga, makoni onse awiri akumbika, tasintha pamodzi ndi mabelingi, 160 MT. Yakumbuyo inali bwino, tangoika girisi watsopano. Mawaya a mabuleki achita dzimbiri mkati mwa mapaipi ake, 120 MT. Chitsulo cha chishalo chinakanirira mu felemu chifukwa cha mchere, tinachithira oyilo n'kudikira masiku awiri chisanatuluke. Tayala lakumbuyo latha pakati, lakutsogolo likadali ndi moyo. Kaliyala yang'aluka pang'ono powotcherera pa mwendo wa kumanja, 100 MT.

Pa msewu ndawononga 1,355 MT pa zokonza njinga yanga, ndipo zoposa theka zapita pa tsoka la ku Guro lija. Alamu awononga 25 MT ya kotapini ndi zigamba zisanu ndi chimodzi. Chakudya, madzi ndi malo ogona zandidyera pafupifupi 6,500 MT.

Amisiri anazunguza gudumu lakumbuyo, anamenya masipoko onse 36 ndi sipanala, n'kupeza anayi aja ndinaika ndekha m'mbali mwa msewu popanda ine kuwalozera. Awiri anali omangika mopitirira, anawabweza pang'ono. Limu anati ikhoza kupitanso ulendo wina. Masipoko apadera atsala 6, ndawamangiriranso ku felemu.